Musamudzutse Rosta

"Therere lokhwima chonchi ukuti ndigule? Ndikamangire khola?"

Nakwenda anapinda therere lija pamaso pa mwini sitolo, Mmwenye, kuti aone yekha kuti silikuthyoka. Mmwenye uja sankamva Chichewa, Nakwenda sankamva Chizungu, koma chifikire mayiyu ku Al Qusais zimenezo sizinalepheretsepo malonda. Ankakangana ndi manja. Nakwenda anatembenuka ngati akupita. Mmwenye anagwira mutu, nati, "Khalas, mama, khalas," ndiye kuti basi zatha, n'kuponya tomato wa basera m'jumbo.

Munthu amene wakalambira pamsika wa Mponela akugulitsa tomato ndi usipa sungamupusitse ndi therere la dzana. Ku Dubai kuno anangobwera kudzathandiza mwana wake Prisca, namwino, yemwe anali atabereka mwana wamkazi.

Akunyamula jumbo, foni inalira kumbuyo kwake. Magitala anakuwa ngati chigayo chomwe chameza mwala, ng'oma zikugunda ngati wina akugwetsa malata. Kenako zonse zii. Panatsala mawu a mwamuna okha.

"Rosta, dzuka! Rosta, dzuka, phala lapsa!"

Jumbo ija inagwa. Tomato anagubuduka mpaka pakhomo.

"Pepani amayi, ndakudzidzimutsani," anatero mwini foni, mtsikana wovala yunifolomu ya kuhotela, akuwerama kutola tomato. "Ndinakumvani mukumukalipira uyu, ndinadziwa kuti ndinu a kwathu. Ine ndine Miriam."

"Chimenecho n'chiyani?"

"Foni, amayi."

"Foni ndikuidziwa, sindine mbuzi. Chikuyimbacho."

Miriam anaseka. "Simunaimve? Ndiye mwatsala nokha. Ndi nyimbo ya roko, ya anyamata athu omwe ali konkuno. Imatchedwa Chaka cha Gaga. Yatchuka mpaka kumudzi, m'maminibasi ndi yomweyi. Ikunena za njala ija ya 2002. Ine nthawi imeneyo ndinali kumsana, ndipo amayi anga sanandiuzepo kanthu. Zoti anthu ankadya zitsa za nthochi ndazimvera m'nyimbomu."

"Nanga Rostayo ndani?"

"Aa, dzina chabe. Ena amati ndi Malawi, akumuuza kuti adzuke. Ena amati ndi kamwana kongopeka kuti nyimbo ikome. Mubwere Loweruka kuholo, akayimba. Ikafika pamenepo tonse timakuwa limodzi, mpaka tsitsi kuyima."

"Nonse?"

"Holo yonse, amayi."

Nakwenda sanafunse dzina la woyimbayo. Mawu amene unawayamwitsa suwafunsa kwa mlendo. Anali a Eddie, mwana wake wamwamuna, mlonda wa nyumba zosungira katundu ku Dubai Investments Park.

Atafika kufulati anapeza Prisca akuvala nsapato zopita kuntchito, mwana atagona.

"Umaidziwa?"

Prisca anayang'ana nkhope ya amake n'kusiya kumanga zingwe. "Tinkafuna tikuuzeni bwino, Amayi."

"Ndauzidwa kale bwino, ndi foni ya munthu, pakati pa therere. Umuuze abwere."

"Ofu yake ndi Lachinayi."

"Lachinayi abwere. Pita, uchedwa."

Chitseko chitatsekeka m'nyumbamo munatsala kulira kwa makina oziziritsa. Panja dzuwa linali litayeretsa zonse, fumbi litaphimba nyumba zazitali zija moti zinkaoneka ngati zojambula. Nakwenda anakhala pafupi ndi bedi la Favour, mdzukulu wake, nayika chala pansi pa kamphuno. Mpweya unalipo. Anachotsa chala, n'kubwezeranso.

Chaka chija Prisca anali ku Lilongwe kwa azakhali ake. Bambo wa anawo anali atawolokera ku Zambia kukasaka ganyu. Pakhomo panatsala Nakwenda, Eddie ndi Rosta, kamtsikana komwe kanali kasanayambe ndi sukulu yomwe. Mbuzi zinapita, mbale zinapita, chitseko chenicheni chinagulitsidwa. Tsiku lina mwini chigayo analola amayi kuti asese pansi, ndipo Nakwenda anabwerera ndi gaga wosakanizika ndi dothi kunsonga kwa chitenje. M'mawa mwake anaphika. Eddie anali atakhala kale ndi mbale m'manja. Rosta anali pamphasa, atayang'ana kukhoma. Nakwenda anaitana ali kumoto, mokondwa, chifukwa tsiku limenelo anali ndi chomuitanira. Anaitana, naitananso. Kenako anapita kukamugwedeza.

Mawu amenewo iye anawanena asakudziwa. Wosadziwa alibe mlandu. Koma kwawo kwa Nakwenda munthu akapita saitanidwanso, makamaka ndi dzina lake la paubwana. Wakufa amauzidwa kuti agone, asatsate otsala. Amene amaima n'kutchula dzina la maliro, n'kumati dzuka, ndi afiti okha, akafuna kuti atuluke m'manda. Nakwenda anali mayi wa Mvano, koma pali zinthu zina zomwe sizichoka ndi bulauzi yoyera.

Ndiye tsopano mwanayo ankaitanidwa tsiku lililonse. M'masitolo, m'sitima, m'chikepe, m'matumba a anthu osamudziwa. Nakwenda ankamuona m'maganizo akudzuka, akupukuta m'maso, akutsata mawuwo mpaka kudziko lino lopanda mtengo womwe angauzindikire. Akafika pomwe waitanidwa n'kupeza phala palibe. Asanakhale pansi, foni ina yalira kwina.

Masana amenewo anamva ngati timapazi pamatailosi a kukhitchini. Anapita, napeza mpopi ukudontha. Anautseka. Pobwerera anapeza Favour atadzuka, osalira, akuyang'anitsitsa pakona ya chitseko, akumwetulira ngati pali womuseweretsa. Nakwenda anamunyamula, namubereka kumsana, nakhala choncho mpaka Prisca anaweruka.

Lachinayi Eddie anabwera ndi zipatso m'kabokosi. Anali atawonda, tsitsi atalisiya kuti lipotane. Amake sanalandire kabokosiko.

"Khala. Osati pampando. Pansi."

Eddie anakhala pansi, mwamuna wandevu, miyendo atapinda. Prisca anaima pakhomo la kukhitchini ndi mwana paphewa.

"Anakupatsa ndani?"

"Chiyani, Amayi?"

"Mawu anga. Ndinakugulitsa liti? Unabwera pabenchi langa n'kunena kuti Amayi, mawu aja munanena m'mawa uja ndikuwafuna?"

"Ndinalipo, Amayi," anatero Eddie motsitsa mawu. "Mbale inali m'manja mwanga. Mawuwo analowa m'makutu mwanga, sanatulukemo. Ndikaima pageti kutentha kuno, malole atasiya kudutsa, ndimawamva. Ndinati mwina ndikawayimba andisiya."

"Akusiya?"

Eddie anapitiriza. "Zaka zonsezi inu simunamutchulepo. Chithunzi palibe. Chiliza palibe. Zili ngati sanabadwe n'komwe. Ndipo si iye yekha. M'mudzi mwathu munapita anthu angati? Ana a masiku ano ukawauza za njala amaganiza kuti ukunena kuphonya chakudya cha masana. Nyimboyi ikufotokoza zonse. Mizere ya pogulitsira chimanga, amayi akugona pamzere n'kubwerera ndi thumba lopanda kanthu. Anthu odulidwa makutu chifukwa cha chimanga chachiwisi. Maliro opanda olira. Anthu akuti aphunzira mbiri ya dziko lawo m'nyimbomu. Ndi chiliza chake cha Rosta chimenechi."

"Usamutchule m'nyumba muno muli khanda. Chiliza chimakuwa? Unachionapo chiliza chikulira m'thumba la munthu akugula sopo? Chiliza chimakhala chete, chimapondereza kuti wagonayo agone. Iwe ukumudzutsa. Ukudziwa amene amadzutsa maliro kwathu?"

"Amayi, za afitizo ife tinazisiya," anatero Prisca.

"Iwe khala chete. Unali ku Lilongwe ukudya buledi."

Prisca analowa kukhitchini. Nakwenda anadziwa kuti walasa pomwe samafuna, koma analibe nthawi yopepesa.

"Gitalalo uliotche," anatero kwa Eddie.

"Aa, Amayi!"

"Chabwino, lisiye. Nyimboyo usaiyimbenso, ifere pompano."

"Bandi si yanga ndekha. Muli a Kelly a ku Zambia oimba ng'oma, muli mnzathu wa ku Philippines. Nyimbo imeneyi ndi yomwe yatitsegulira makomo. Pali hotela ina ikufuna tiziyimba kumeneko. Mwina ndingavule yunifolomu ya ulonda ija."

"Uvulire pamsana pa mlongo wako?"

Eddie anaweramitsa mutu. Kenako anati, "Ndisinthe dzina. Ndiike lina."

"La mwana wa ndani? Dzina lililonse lomwe ungatole, chaka chija pali yemwe anagona nalo. Nayenso ali ndi amake."

"Ndiye mukufuna chiyani?"

Nakwenda anayala manja pamaondo, monga amachitira pamsika malonda akafika pomaliza.

"Njala si yanga ndekha. Itenge. Gaga tenga, mizere tenga, makutu odulidwawo tenga, uwayimbire anthu amve. Koma dzina ndi mawu anga ubweze. Pamenepo sindichotsera kanthu."

"Pamenepo ndi pamtima pa nyimbo, Amayi."

"N'chifukwa chake ndikupafuna."

Anayang'anizana. Kukhitchini Favour anayamba kudandaula. Eddie ndiye anayamba kugwetsa maso.

"Ikafika pamenepo ndizikhala chete," anatero. "Magitala okha azilira. Pa intaneti ndichotsa, tijambula ina. Koma zomwe zili kale m'mafoni a anthu…"

"Uchotse."

"Sizitheka choncho, Amayi."

"Yamba ndi pakamwa pakopo, zinazo tiona. Ndipo ine malonda a pakamwa sindiwakhulupirira. Loweruka ndikakhala kutsogolo, ndikaone ndekha."

Holoyo inali pamwamba pa masitolo, chapafupi ndi siteshoni ya sitima. Loweruka masana inadzaza ndi Amalawi: alonda, anamwino, ogwira ntchito m'mahotela, ena a ku Zambia, ena ndi ana awo obadwira konkuno. Favour anatsala kunyumba ndi bambo ake, mwamuna wa Prisca. Nakwenda anakhala pampando wakutsogolo pafupi ndi Prisca, chikwama pamiyendo, duku atamanga zolimba. Nyimbo zoyamba anangozipirira ngati mutu waching'alang'ala.

Kenako Eddie anayandikira maiki.

"Iyi mukuidziwa," anatero, ndipo holo inaphulika.

Nakwenda anali asanaimvepo kuchokera poyambira. Anakonzekera kuida. Koma mnyamatayo anayimba za mayi akusesa pansi pa chigayo ndi kanthambi, mawondo ali m'fumbi. Anayimba za nyumba yopanda chitseko, yotsekedwa ndi chiguduli. Anayimba za agalu omwe anasiya kuuwa m'mudzimo, kenako n'kusowa. Anatchula ngakhale fungo la zitsa za nthochi zikawira, lija limakhala ngati dothi lonyowa. Nakwenda anazizwa. Mwanayu nthawi imeneyo anali wosafika ndi m'chiuno mwake, mimba itatupa, maso atalowa. Iye ankaganiza kuti njala inamufufutira zonse. Koma sanaiwale kanthu. Ngakhale chiguduli.

Ng'oma zinakwera, magitala anakuwa, kenako zonse zii.

Eddie anabwerera m'mbuyo, natseka pakamwa, nayang'ana amake.

"Rosta, dzuka!"

Inali holo. Amuna zakumwa zili m'mwamba, amayi manja pachifuwa, Miriam wa kusitolo uja misozi ili mbwee, tiana tosadziwa n'komwe Chichewa titakwera pamipando. Poona kuti woyimba wawasiyira, anakuwa kuposa kale.

"Rosta, dzuka, phala lapsa!"

Eddie anakweza manja kuti aleke. Iwo anayesa akuwauza kuti awonjezere. Anabwereza, akuponda pansi, mpaka mawindo ananjenjemera. Kelly anayang'ana Eddie, nasowa chochita, nayamba kuwatsata ndi ng'oma.

Pamenepo Nakwenda anamva kuzizira pabondo lake lamanzere. Osati kwa makina aja, kumene kumagwa kuchokera kudenga. Uku kunali pamalo amodzi, pang'ono, polemera pang'ono, pomwe mwana amatsamira akatopa ndi kuima. Sanayang'ane pansi. Anakoleka chikwama paphewa, naimirira, nayamba kuyenda kulowera kuchitseko pang'onopang'ono, dzanja lamanzere atalitsitsa, chikhatho chili chotsegula.

Pamasitepe panali potentha ngati mu uvuni. Prisca anatuluka pambuyo pake. Kenako Eddie, thukuta lili kamukamu, lamba wa gitala akadali paphewa, gitalalo atalisiya pansanja.

"Ndinakhala chete, Amayi. Mwaona nokha."

"Ndaona. Sunaname."

"Sindingawatseke pakamwa. Yapita, sinso yanga."

"Ndamva. Ndili ndi makutu."

Kuseri kwa chitseko anthu anali akuitanabe. Nakwenda anatsamira khoma. 

"Anamuika pati?"

Eddie anadzutsa mutu. "Amayi?"

"Usandipangitse kubwereza. Ine kumanda sindinapite. Miyendo inali itatupa, ndinagwera pakhomo, ndinadzuka atabwerako kale. Anamunyamula amuna ochepa omwe anali ndi mphamvu zogwira khasu, ndipo onsewo chaka chisanathe anamutsatira. Kumanda kwathu mkazi salowako popanda maliro. Pomwe ndinadzalowako, mitumbira inali mbwee, udzu utamera, wina aliyense akuloza pake. Ndinaima ngati chitsiru." Anatembenukira kwa Eddie. "Anandiuza kuti iwe unawalondola mpaka kumandako. Sindinakufunse. Ndinkati unali mwana, unaiwala, ndikusiye choncho. Lero ndamva za chiguduli."

Prisca anagwira pakamwa. Zimenezi sanazimvepo.

Eddie anatseka maso.

"Mukalowa cha kumunsi, kuchokera kudambo, pali chulu chachikulu. Kuseri kwake kuli msuku wopindika. Anakumba pakati pa chulu ndi msukuwo. Sanakumbe mozama, analibe mphamvu. Ine ndinaikapo mwala wofiira, waukulu ngati mutu wanga."

"Ungakaloze?"

"Ndingakaloze."

Nakwenda anachoka pakhoma paja. Mawu ake anabwerera, aja a pamsika.

"Prisca, tikiti yanga ija uisinthe. Mwana wako wakhwima khosi, apongozi ako abwere nawonso adzagwireko. Iwe Eddie, upite kwa bwana wako upemphe ulendo. Tikapempha kwa amfumu, tikaitana adzukulu okumba manda, tikalowa. Ukandilozera. Ndikamuuza ndekha kuti awa akuitanawa asamawayankhe, si amake. Kenako tikapondereza ndi simenti."

"Amayi, holide yanga ili kutali. Ndikachoka pano, malo anga aika wina. Ndiye za hotela zija…"

"Unamudzutsa ndiwe. Ukamugoneka ndiwe."

"Nanga bwana ndikamuuza chiyani?"

"Umuuze kuti kwanu kuli maliro a mlongo wako. Ukhala ukunama?"

Eddie anayang'ana chitseko cha holo. Kenako anavula lamba wa gitala uja, napatsa Prisca, natulutsa foni, nayamba kutsika masitepe akufufuza nambala.

M'holo muja anayambiranso kukuwa. Nakwenda anaweramira pang'ono kumanzere, nalankhula motsitsa, mawu omwe Prisca sanawamvepo kwa amake chikhalire.

"Usawamvere amenewo. Tiye."

Ndipo anatsika masitepe limodzilimodzi, akudikira pa lililonse.